Makaniko wa ku Luwinga amene sanathamangire kundithira gasi

Kuno ku Mzuzu AC timaiiwala. Ndi nkhungu ya m'mawa ija, munthu umakumbuka hita basi. Vuto la AC ya galimoto yanga ya Fielder ndinalizindikira mu Okutobala nditatsikira ku Nkhata Bay kukasiya amayi. Pamsewu imazizira bwinobwino, koma ndikangoima, mphepo yake ngati ya m'ng'anjo. Ndikanyamuka, kuzizira kumabwereranso.

Koyamba ndinapita kwa anyamata ena m'tauni. Boneti asanatsegule n'komwe, yankho linali kale pakamwa: "Gasi watha, bwana." Anathira, ndinalipira, mawa lake pamzere wa mafuta AC n'kuyamba kudula ndi kuyaka, kudula ndi kuyaka, kuposa kale.

Mnzanga wa matakisi ndiye anandilozera kagalaja kena ku Luwinga, kuseri kwa malo ogulitsa matabwa. Chikwangwani palibe. Mwini wake ndi bambo wachikulire, wosalankhulalankhula. Anandiuza ndiyatse injini ndi AC, iye n'kungoima pamaso pa galimoto manja kumbuyo. Patapita kanthawi anati, "Achimwene, bwerani muone. Fani yanuyi ikugona."

Zoonadi, kompresa, yomwe imapopa gasi wa AC, ikugwira koma fani ya kutsogolo ili zii. Anandifotokozera kuti galimoto ikamathamanga, mphepo ya pamsewu payokha imaziziritsa kondensa, chipangizo chonga radiyeta chotaya kutentha kwa gasi. Ikaima, ntchito imeneyo ndi ya fani. Fani ikapanda kuzungulira, puresha ya gasi imakwera mpaka swichi imadula kompresa kuti isawonongeke. Ndiye anyamata aja powonjezera gasi anangokolezera moto.

Chomwe chinandisangalatsa ndi dongosolo lake. Anayamba ndi fyuzi, ili bwino. Rilei, kaswichi kotumiza magetsi ku fani, anasinthanitsa ndi ina yofanana nayo, palibe chosintha. Kenako anatenga mawaya awiri n'kulumikiza fani ku batire mwachindunji, fani fuuu! Mota ya fani ilibe mlandu. Apo m'pomwe anamanga mageji oyezera puresha ya gasi, singano ya geji yofiira ikukwera ndikuona ndi maso anga, fani osadzuka. Anazula pulagi ya swichi ya puresha, ija yokhala pa paipi yopyapyala ya aluminiyamu, ya mawaya anayi. Mawaya awiri amayang'anira kompresa gasi akachepa kapena akachuluka, awiri enawo ndi odzutsa fani. Atayeza ndi mita, mbali ya fani inali itafa, mapini ali ndi dzimbiri lobiriwira.

Ndinamunyengerera kuti angodumphitsa swichiyo ndi kawaya ndizipita. Anakana. "Kawaya n'koyezera, si koyendera. Mudzabwera kuno mutanyamula kompresa m'thumba."

Zodandaula zilipo. Swichi analibe, ndinakasaka ndekha kwa ogulitsa masipeya, tsiku lonse linapita. Pokhala palibe, ndinakhalira tayala lakutha. Foni sayankha, ndipo lisiti musaiyembekezere.

Tsiku lachiwiri anachotsa gasi, anamanga swichi ndi kamphira katsopano, anakoka mpweya ndi pampu kwa theka la ola, kenako anathira gasi wa R134a moyeza pa sikelo, potsatira zolembedwa pa kapepala ka pansi pa boneti. Kapepala kameneko ine ndinali ndisanakaonepo zaka zonsezi. Mtengo wa ntchito unangoposa pang'ono zomwe ndinataya kwa anyamata aja.

Sabata yatha ndinali ku Karonga, ndinaima pa rodibuloko dzuwa lili paliwombo. Fani ndinaimva ikudzuka yokha, amayi kumbuyo akufunsa ngati ndingachepetseko kuzizira.