Nthawi yowonjezera mu NFL: ndi lamulo liti limene limachepetsadi mphamvu ya khobidi?

Matimu awiri a NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, akamaliza mphindi 60 ali ndi mapointi ofanana, woyimbira amaitana makaputeni pakati pa bwalo n'kuponya khobidi m'mwamba, ndipo mkangano wonse wokhudza chilungamo cha nthawi yowonjezera umayambira pomwepo. Mu mpira wa ku America timu imodzi ndiyo imakhala ndi mpira pamene inzake ikutchinga, choncho funso lakuti ayambe ndani ndi lalikulu kwambiri. Poyerekeza malamulo amene agwiritsidwapo ntchito, ine ndikuyang'ana chinthu chimodzi chokha: kodi timu imene maere aikomera imapeza mwayi wochuluka bwanji umene sinaukhetsere thukuta?

Lamulo lakale linali lakuti woyamba kupeza mapointi, kaya ochuluka kaya ochepa, wapambana. Ndi limene linathetsa masewero otchuka a mu 1958, pamene Baltimore Colts inagonjetsa New York Giants 23-17, ndipo mu 1974 linayamba kugwiranso ntchito m'masewero wamba a m'ligi. Ubwino wake ndi wakuti aliyense amalimva msanga, komanso osewera otopa sakhalitsa m'bwalo. Koma pamene omenya mpira anayamba kulasa pagoli kuchokera kutali, linasanduka lopepuka mopitirira muyeso, chifukwa timu yopata maere inkangofunika kuyenda mayadi owerengeka n'kumenya field goal, kumene ndi kulasa mpira pagoli ndi phazi n'kupeza mapointi atatu. Mu Januwale 2010 New Orleans Saints inachita zomwezo pogonjetsa Minnesota Vikings 31-28 pa masewero olowera ku Super Bowl, ndime yomaliza ya NFL, Brett Favre, quarterback (woponya mpira ndi kutsogolera ogoletsa) wa Vikings, ali chiimire kunja kwa bwalo. Lamulo limeneli sindingaliikire kumbuyo.

Chaka chomwecho eni matimu anakonza lamulo lachiwiri la m'ndime yachipulula, limene mu 2012 linafalikira ku masewero onse. Tsopano field goal ya timu yoyamba sinkathetsanso masewero, koma touchdown, kumene ndi kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo la adani n'kupeza mapointi asanu ndi imodzi, inkathetsa. Maganizo ake anali akuti timu imene yalephera kuletsa anzake kuyenda bwalo lonse ilibe chodandaula, popeza kutchinga nakonso ndi mbali ya masewero. Mfundoyi ili ndi nzeru, ndipo sindiipeputsa. Vuto ndi lakuti imayesa theka la timu iliyonse: otchinga a timu imodzi ndi ogoletsa a timu inayo, pamene magulu ena awiri atsala pabenchi. Mu Febuluwale 2017, New England Patriots itabweza ngongole ya 28-3, inapata maere n'kugonjetsa Atlanta Falcons 34-28, Matt Ryan, quarterback wa Falcons, osaugwira mpira. Mu Januwale 2019 Patriots yomweyo inachitanso chimodzimodzi kwa Kansas City Chiefs, 37-31, Patrick Mahomes, quarterback wa Chiefs, akungoonerera. Kenako pa 23 Januwale 2022 zinatembenuka: Buffalo Bills inkatsogola kutatsala masekondi 13, Mahomes anafikitsa timu yake pomenyera field goal yofananitsa, ndipo Chiefs itapata maere inamaliza nkhani ndi touchdown ya Travis Kelce, 42-36. Josh Allen, quarterback wa Bills amene anasewera modabwitsa usiku umenewo, sanapatsidwe mpata woyankha. Pa masewero 12 a m'ndime yachipulula amene anafika m'nthawi yowonjezera pansi pa lamuloli, opata maere anapambana 10, ndipo 7 mwa amenewo anapambana pa ulendo wawo woyamba weniweniwo wokhala ndi mpira. Masewero 12 ndi ochepa, koma chithunzi chake n'chovuta kuchikana.

Lamulo lachitatu, limene eni matimu analivomereza mu Malichi 2022, limati m'ndime yachipulula timu iliyonse igwire mpira kamodzi ngakhale yoyamba itapeza touchdown, ndipo ngati akufananabe mphamvu, wotsatira kupeza mapointi wapambana. Apa ndi pamene nkhani ikukoma, chifukwa mwayi wagawika pawiri. Timu yachiwiri imalowa ikudziwa kale chimene ikufuna: ngati anzake apeza touchdown, siganizanso zomenya mpira kutali n'kuusiyira adani pa mpata wachinayi, umene ndi womaliza pa mipata inayi imene timu imapatsidwa kuti iyende mayadi 10, imangolimbikira, ndipo ikapeza touchdown ingathe kuyesa kuwonjezera mapointi awiri m'malo mwa imodzi kuti ithetseretu masewero. Timu yoyamba nayo ili ndi chake, pakuti zinthu zikafanana, ulendo wachitatu, umene mapointi aliwonse amapambanitsa, ndi wake. Pa Super Bowl ya pa 11 Febuluwale 2024 ku Las Vegas, San Francisco 49ers, pokumana ndi Chiefs, inapata maere n'kusankha kuyamba, ndipo mphunzitsi wake Kyle Shanahan anafotokoza kuti ankafuna ulendo wachitatuwo. Anapeza field goal yokha. Chiefs inakumana ndi mpata wachinayi ili m'dera lake lomwe, pamalo pamene nthawi zina ikanamenya mpira kutali, koma podziwa kuti palibenso mawa, Mahomes anathamanga nawo yekha, ndipo ulendowo unatha ndi touchdown ya Mecole Hardman wa Chiefs, 25-22. Anthu akutsutsanabe ngati Shanahan anasankha bwino, ndipo kwa ine kutsutsanako ndi umboni wabwino koposa wa lamuloli, chifukwa pansi pa malamulo awiri oyamba pafupifupi mphunzitsi aliyense ankangotenga mpira osaganiza kawiri.

Kuyambira mu 2025 masewero wamba nawonso amatsatira mfundo yakuti onse agwire mpira, koma mkati mwa mphindi 10 zimene zinakhazikitsidwa mu 2017, ndipo apa pali mpata woonekeratu. Timu yoyamba ikayenda pang'onopang'ono, imadya nthawi ya inzake, moti ufulu woyankha ungathe kutsala wa papepala chabe. Mu Seputembala 2025 Dallas Cowboys ndi Green Bay Packers zinagwira mpira kamodzi kamodzi, iliyonse n'kupeza field goal, ndipo nthawi inatha zili 40-40. Kufanana mphamvu m'ligi si tchimo, ndipo matupi a osewera ayenera kutetezedwa, koma lamuloli ndi lofooka poliyerekeza ndi la m'ndime yachipulula.

Ambiri amalozera ku mpira wa m'makoleji, kumene kuyambira mu 1996 timu iliyonse imayambira pa mayadi 25 kuchokera pagoli mosinthana, popanda wotchi ya masewero. Maulendo amafanana ndithu, koma wachiwiri amadziwa chofunika popanda kulipira kanthu, n'chifukwa chake opata maere nthawi zambiri amasankha kuyamba ndi kutchinga. Komanso njirayi imachotsa kulimbirana malo m'bwalo, ndipo kuyambira gawo lachitatu la kusinthanako imasanduka mpikisano wa mapointi awiriawiri, monga mmene Illinois inagonjetsera Penn State 20-18 mu 2021 patatha magawo asanu ndi anayi. Ndi yosangalatsa kuonera, koma si masewero omwe aja amene matimuwo anasewera mphindi 60.

Njira imene ndimaikonda kuposa zonse siinayesedwepo mu NFL. Baltimore Ravens inaipereka mu 2021 koma siinavomerezedwe: timu imodzi itchule malo pamene mpira uikidwe, inzake isankhe kuyamba ndi mpirawo kapena kutchinga. Ndi nzeru yomwe ija ya ana awiri pogawana nzimbe, yakuti wodula asakhale woyamba kusankha. Wotchula malo akaika mpira pafupi ndi pakati pa bwalo, mnzake autenga mosangalala. Akauika pafupi kwambiri ndi goli la woyambayo, mnzake amusiyira yekha kuti avutike nawo. Motero amakakamizika kufunafuna malo amene mbali zonse ziwiri zikulemera mofanana, poganizira mphepo ya tsikulo, kutopa kwa otchinga ake ndi luso la quarterback wa anzake. Wogonja angathe kuloza chosankha cha mphunzitsi wake, osati mbali imene khobidi lagwera. Chovuta chake n'chakuti timu ina ingathebe kugonja osaugwira mpira, ndipo oonera amene anapwetekedwa mtima ndi zimene zinachitikira Josh Allen sangazilandire msanga. Pa malamulo amene aseweredwa kale, la m'ndime yachipulula la 2022 ndi limene ndingasankhe, ndipo ndikanakonda kuti masewero wamba abwezeredwe mphindi 15 kuti timu yachiwiri izikhala ndi nthawi yokwanira yoyankhira.