Nyumba ya Zionetsero kapena Wailesi ya Kanema: Waluso wa Vidiyo Alowere Kuti?

Waluso amene wasankha kamera kukhala chida chake amakumana ndi njira ziwiri: kuika vidiyo yake m'nyumba yoonetsera zaluso, kapena kuipereka ku wailesi ya kanema, kumene kawirikawiri amaifuna ili ngati filimu yofotokoza zochitika zenizeni. M'kuona kwanga, kusiyana kwakukulu kwa njirazi kwagona pa yemwe akulamulira nthawi.

M'nyumba ya zionetsero wolamulira nthawi ndi woonera. Vidiyo imabwerezedwa kuyambira potsegula mpaka potseka, ndipo munthu amalowa itafika pakati, n'kutuluka pamene wafunira. Chifukwa cha ichi waluso samangidwa ndi chiyambi kapena mathero, ndipo akhoza kuonetsa zithunzi pamakoma atatu nthawi imodzi. Nam June Paik, wobadwira ku Seoul mu 1932, anatsegula njirayi mu 1963 ku Wuppertal, m'dziko la Germany, pamene anaonetsa ma TV amene anawasokoneza dala kuti zithunzi zizipotoka. Christian Marclay anafika potulutsa vidiyo ya maola 24 mu 2010, chinthu chimene ndondomeko ya mapulogalamu a tsiku ndi tsiku a wailesi ya kanema siingachilole. Vuto la njirayi ndi lakuti oonera amakhala okhawo amene afika pamalopo, komanso ntchitoyo imagulitsidwa m'makope owerengeka, kotero kuti chionetsero chikatha imatha kukhala zaka ili mosungiramo.

Pa wailesi ya kanema wolamulira nthawi ndi mwini wailesi. Iye ndiye amanena kutalika kwa pulogalamu, ola loulutsira ndi zoyenera kuchotsa, ndipo filimu ya zochitika zenizeni imayenera kupereka umboni wa zimene ikunena, udindo umene waluso wa m'zionetsero sausenza kwenikweni. Komabe kumeneko kuli chinthu chimene nyumba ya zionetsero ilibe, ndicho woonera amene sanakonzekere kuona zaluso. Mu 1969 wailesi ya WGBH ku Boston inaitana aluso asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo Paik, kudzagwiritsa ntchito makina ake. Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha David Hall, amene mu 1971 anaulutsa timavidiyo tatifupi pa Scottish Television popanda chidziwitso chilichonse. Kamodzi kanaonetsa mpopi ukuthira madzi mpaka TV yonse kuoneka ngati yadzaza. Mphamvu yake inali m'kudzidzimutsa munthu atakhala pabalaza pake, ndipo mukakaonera m'chionetsero lero, mutawerenga kale chikwangwani chokafotokoza, mphamvuyo imachepa.

Ine ndimapendekera ku wailesi ya kanema ngati nkhaniyo ikukhudza anthu amene ayenera kudziona okha, ngakhale mwayi wotero umadalira kwambiri mtima wa akuluakulu a wailesiyo. Channel 4 ya ku Britain, itayamba mu 1982, inathandiza timagulu ta opanga mafilimu odziimira paokha, ndipo inaulutsanso filimu ya 1986 ya gulu la Black Audio Film Collective, yokamba za zipolowe za ku Handsworth, mumzinda wa Birmingham. Amene anaitsogolera, John Akomfrah, wobadwira ku Accra, tsopano amadziwika kwambiri ndi mavidiyo a m'zionetsero, ndipo mu 2024 ndiye anaimira Britain pa chionetsero chachikulu cha ku Venice.