Mmisiri woyeza zishalo amene anandionetsa kuti kavalo wanga sanali wamwano

Kwa miyezi itatu ndinkakhulupirira kuti kavalo wanga wamkazi, amene ndimamusunga m'khola lina cha ku Chigumula, wayamba mwano. Ndikangotulukira ndi chishalo ankagoneka makutu kumbuyo, ndikamamanga lamba wa pamimba ankapotoloka kufuna kundiluma, ndipo pa nthawi yomuphunzitsa ankangokwapula mchira uku akufupikitsa mapazi. Mnyamata wosamalira khola ndiye anandiuza kuti, "Bwana, nyamayi ikumva kuwawa msana, muipezere woiona," ndipo ndinaitana bambo ena amene amayeza ndi kukonza zishalo kuno ku Blantyre.

Chimene chinandikhutiritsa n'chakuti bambowa sanathamangire chishalo. Anayamba ayendetsa zala pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri za msana, ndipo atafika kuseri kwa phewa lakumanzere, kavaloyo anatsitsa msana mwadzidzidzi ngati wapsa ndi moto. Pomwepo anandionetsa kachigamba ka ubweya woyera, kosaposa ndalama yachitsulo, kamene ine ndinkakayesa chibadwa, ndipo anafotokoza kuti ubweya umayera chomwecho pamene khungu lakhala likupsinjika nthawi yaitali. Kenako anandiuza kuti ndikwere kwa mphindi makumi awiri dzuwa la Okutobala lili pamutu, ndipo titachotsa chishalo, msana wonse unali utanyowa ndi thukuta kupatula malo awiri ouma kuseri kwa mapewa, pamene chishalocho chinkakanikiza koposa.

Miyeso yawo ndi yoti mwini kavalo aliyense angaitsatire. Pakati pa chishalo ndi kalinunda ka pamene khosi limakumana ndi msana payenera kulowa zala ziwiri kapena zitatu, koma pa changa, chimene ndinachigula chogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Johannesburg, panalowa chala chimodzi chokha, mokakamiza. Chishalo sichiyeneranso kukhudza fupa la msana kapena kupitirira nthiti yomaliza, ya nambala 18, chifukwa kuseri kwake kulibe chochirikiza kulemera kwa munthu. Anatchulanso mndandanda wa zizindikiro 24 zimene dokotala wa ziweto wa ku Britain, Sue Dyson, ndi anzake anafalitsa mu 2018, wosonyeza kuti kavalo akaonetsa zisanu ndi zitatu kapena kuposerapo ali wokweredwa, kawirikawiri amakhala akumva ululu. Ndinachita manyazi powerenga zimene wanga ankaonetsa, popeza zina mwa izo ndinkamukalipira nazo.

Pali dandaulo limene sindingalibise. Bambowa analonjeza kuti adzachotsa ubweya wa nkhosa wakale umene unali utauma gwa m'kati mwa chishalo n'kuikamo watsopano pa masiku asanu, koma panapita masabata atatu, ndipo foni yawo nthawi zambiri sinkayankhidwa. Mtengo nawo sananene poyamba, moti ndikulangiza aliyense kuti agwirizane nawo ntchito isanayambe. Kuchedwako kunangothandiza pa chinthu chimodzi, chakuti msana wa kavalo unapeza mpata wopuma.

Atabweza chishalocho anachiyesanso ine ndili pamwamba, osalipiritsa kachiwiri, ndipo anati ndidzawaitanenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, poti thupi la kavalo limasintha msipu ukachuluka nthawi ya dzinja. Kachigamba koyera kaja kalipobe, koma Loweruka lapitali ndinamanga lamba wa pamimba kavaloyo akungodya udzu wake, osatembenuka n'komwe.