TikTok, Facebook kapena WhatsApp: bandulo ya woimba wa ku Mulanje ipite kuti?

Anyamata akamatuluka mu kasitudiyo kanga pa Chitakale, nyimbo ili mu memory, funso lawo limakhala lomwelomweli: "Akulu, tiiponye kuti?" Ndalama zathera kujambula, yatsala ya bandulo imodzi. Ndiye nazi zimene ndaona ndi maso angawa.

Ndiyambe ndi TikTok poti ndiyo yazunguza mitu. Ubwino wake, siifunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Kavidiyo kako imakaonetsa kwa anthu amene sanakumvepo, ndipo akakaonera mpaka kumapeto n'kukabwereza, imakakankhiranso kwa ena. Umboni uli kwa aneba athu ku Chiradzulu. Agogo a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, anaimbanso Linny Hoo limodzi ndi Patience Namadingo, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 inali ikuvinidwa pa TikTok ndi anthu osadziwa ndi liwu limodzi lomwe la Chichewa. Agogowo analibe ndi foni ya intaneti yomwe.

Koma pa TikTok chimatchuka ndi kachidutswa ka nyimbo, woimba ayi. Mnyamata wina ndinamupangira biti yokhala ndi ng'oma za tchopa, tinakajambula kavidiyo m'mphepete mwa munda wa tiyi, phiri likuoneka kumbuyo. Kanayenda ndithu, makomenti ena m'Chipwitikizi, ena ochokera ku Zambia. Mwana anayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba. Atakonza shoo ku Limbuli, mipando inali mbwee, anthu ochepa zedi. Amene anamulayika aja ali kutali, ndipo ambiri dzina lake sanaliwerenge n'komwe.

Facebook ndi bwalo la milandu. Kumeneko Amalawi amakhala tsiku lonse, ndipo sabisa mawu. Nyimbo ikakhala yozizira akuuza pompo, ena mpaka kunyoza nsapato zimene wavala pa chithunzi. Woimba wa mtima wapachala asapiteko. Koma ndi kokhako kumene munthu angadziwike nkhope, dzina ndi khalidwe lomwe, bola aziyankha makomenti yekha, asamangoponya positala n'kuthawa. Masamba akuluakulu ngati Mikozi akakutola, a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amayamba kukufunsa. Chovuta n'chakuti zimene waika pa tsamba lako sizifika kwa onse okutsatira. Za Live, ine ndinasiya. Tsiku lina nthawi ya chiperoni tinalengeza sabata yonse, anthu anasonkhana bwinobwino, nyimbo yachiwiri isanathe magetsi thii, netiweki nayo n'kutsatira. Makomenti amene ndinapeza m'mawa sindingawalembe pano.

Tsono WhatsApp, imene ambiri saiwerengera n'komwe. Kwa ife akuno, ine ndimaiika patsogolo. Bandulo yake ndi yotsika mtengo, ndipo nyimbo yopanda vidiyo imalowa ngakhale netiweki ikutsimphina kuseri kwa phiri. Ikangolowa m'foni imodzi basi, yadziyendera yokha: pa Bluetooth kupita m'kafoni ka mabatani, kwa wakabaza wa sipika pa handulo, kwa anyamata obana nyimbo pamsika. Mayi wothyola tiyi amene sanatsegulepo TikTok aimva ali pamzere wa sikelo.

Gulu limodzi limalowa anthu 1,024, ndipo status imakhala maola 24. Koma mphamvu yeniyeni ndi nambala. Amene wakulayika pa TikTok ndi mlendo wodutsa, pamene wa pa WhatsApp nambala yake uli nayo. Ukhoza kumutumizira voice note, "Achimwene, Loweruka tili pa Luchenza, musasowe," iye n'kuyankha kuti ndisungireni malo awiri. Nambala yomweyo ndi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndiye wokondwa amaponya kangachepe pompo. Ndipo ukamacheza nawo umadziwa tsiku la malipiro ku esiteti, shoo n'kuiika sabata yomweyo, osati pakati pa mwezi matumba ali gwaa. Ma Channel a pa WhatsApp amene anabwera mu 2023 ndi abwino polengeza, koma okutsatira amangoika emoji, kucheza kulibe. Ine ndimakondabe gulu, ngakhale pamafunika admin wolimba, apo ayi mudzadzuka mwadzaza maulaliki, zamalonda ndi mikangano ya Bullets ndi Wanderers.

Choopsa chake ndinachilawa. Ndinatumizira woimba nyimbo yosamaliza kuti angomva, iye anapatsako chibwenzi chake. Patatha masiku atatu ndinaimva mu minibasi ya ku Muloza, mawu asanakonzedwe, besi ikuphulika. Yeniyeni itatuluka anthu anati ndi yakale. Chichokereni apo, yosamaliza amamvera mu situdiyo momwemo, foni ili m'thumba.

YouTube sindichulukitsa gaga. Ndi nkhokwe. Vidiyo yabwino ikhale kumeneko kuti abale a ku Joni okhala ndi WiFi aione, komanso wokonza shoo akafunsa ntchito zako ukhale ndi linki yomupatsa. Wa ku Thekerani sangawotche bandulo yake pamenepo.

Sabata yatha wina wa ku Bvumbwe anabwera ndi nyimbo imene akufuna ituluke mu Okutobala, nthawi ya Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde. Ndinamuuza kuti ayambe wakailembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, adule kolasi yokha aiponye pa TikTok, nambala yake ili yolembedwa pa vidiyo pomwepo, ndipo aliyense amene amulembere amulowetse m'gulu. Anandiyang'ana mokayika, akuti iye amafuna mamiliyoni. Dzulo wanditumizira uthenga kufunsa ngati mlongo wake angakhale admin.