Mphira zolimbitsira thupi patatha miyezi 9: zimadukira pati, zimathandiza chiyani

Mphira zolimbitsira thupi zikangotuluka m'phukusi zonse zimaoneka zabwino. Khalidwe lake limayamba kudziwika mwezi wachinayi kapena wachisanu, zitamwa thukuta ndi kukokedwa kambirimbiri. Zimene zikukambidwa pano zagwira ntchito miyezi 9, katatu pa sabata, mphindi 35 mpaka 40 tsiku lililonse la mafizo, ndipo ndi za mitundu itatu. Pali machubu asanu okhala ndi ngowe zachitsulo kumapeto, amene amabwera ndi zogwirira ziwiri komanso kachingwe kopanitsa pachitseko. Pali mphira zitatu zafulati zozungulira, zotalika masentimita 104, zosiyana m'lifupi: mamilimita 13, 22 ndi 32. Palinso kalamba kakafupi kansalu kovala m'ntchafu.

Chubu choonda kwambiri ndicho chinayamba kuduka, ndipo chinadukira pomwe machubu ambiri amadukira: pafupi ndi ngowe, pamene mphira imalowa m'kachingwe ka nayiloni. M'kati mwa chubu pamalo amenewo mumakhala kampira kolimba kogwira mphira kuti isavuke, ndiye pokoka paliponse mphirayo imapindikira pamenepo n'kumakhulana ndi nayiloni. Kuonda kwake kumawonjezera vuto. Chifukwa ndi chofewa, munthu amachikoka mopitirira kuti amve kulemera, pomwe mphira ya latex, yopangidwa ndi utomoni wa mtengo wa mphira, siyenera kutambasulidwa kupyola kawiri ndi theka, mwina katatu, pa utali wake. Chubu cha masentimita 120 chikafika mamita atatu chafika pamalire. Mukaona kuti mukubwerera m'mbuyo mpaka kukhoma lina kuti chilimbe, tengani chubu chokulirapo, musachikakamize.

Mphira zafulati zapirira bwino kuposa machubu. Zabwino zake ndi zija zopangidwa mosanjikiza timagawo tambiri topyapyala. Mukayang'ana m'mphepete mumaona timizere. Zikamatha zimayamba kusupuka kagawo kamodzi pakona, ndipo chimenecho ndi chenjezo lokupatsani nthawi. Zoumbidwa kamodzi m'chikombole sizichenjeza, zimangoti thu! Pa zitatu zija, ya mamilimita 13 ndiyo yayamba kusupuka, pamalo amene imapondedwa. Sikuti mphirayo ndi yoipa ayi: timchenga totsalira kunsi kwa nsapato timaicheka pang'onopang'ono ngati tupa. Kupukuta nsapato musanaponde, kapena kuponda ndi masokosi pa mphasa yosaterera, kumathetsa zimenezi. Simenti yokhakhala ndi mzati wachitsulo wa dzimbiri zimadya mphira msanga kuposa china chilichonse.

Kalamba kansalu sikanaduke, koma kafutukuka. Kachapidwa m'madzi otentha kangapo, ndipo timphira tam'kati mwa nsalu sitigwirizana ndi kutentha. Kachapeni m'madzi ozizira, kaume pamthunzi.

Adani a latex ndi dzuwa, kutentha ndi mafuta. Mphira yosiyidwa pawindo kapena m'galimoto yotseka imayamba kutuwa, kenako imachita timing'alu tating'ono ngati chidendene cha m'chilimwe. Mafuta odzola, makamaka onga Vaseline, amafewetsa latex mpaka kuyamba kunanda, choncho sambani m'manja musanagwire. Poyeretsa, madzi okha ndi nsalu n'zokwanira. Ikauma, kapaudala pang'ono kamaletsa kumatirirana m'chikwama. Kamodzi pa sabata muziiyendera yonse pamalo owala: gwirani kachigawo kotalika ngati chikhatho, tambasulani, yang'anani, sunthani, mpaka mutazungulira. Kamng'alu kosaoneka mphira ili phee kamatseguka kukamwa ikatambasuka. Mukakapeza, mphirayo yatha ntchito. Kumanga mfundo kapena kukulunga tepi n'kudzinamiza, chifukwa idzadukira pamfundo pomwepo.

Nkhani ya kuduka si ya ndalama yokha. Mphira yokokedwa ikaduka kapena kuvuka imabwerera ndi liwiro loopsa, ndipo diso ndilo limavulala moipa. Musamaikokere molunjika kumaso, ndipo mwana asaime pamzere wake. Kachingwe ka pachitseko muzikapanitsa kumbali ya mahinjesi, osati ya loko, ndipo inu muime mbali imene mukakoka chitsekocho chimatsekeka m'malo motseguka. Kiyani, kuti wina asatsegule muli pakati pokoka. Ngowe zimene zimabwera ndi maseti ambiri zili ndi kasipuling'i kofooka; ziwiri mwa khumi zayamba kusatsekeka bwino, ndipo ngowe yotere isinthidwe isanalekerere chogwirira.

Koma vuto lalikulu la mphira silioneka ndi maso, ndipo ndilo limagwetsa ulesi anthu ambiri pakatha miyezi itatu. Chitsulo cha makilogalamu 10 ndi makilogalamu 10 lero, mawa ndi chaka chamawa. Mphira ilibe nambala imodzi. Ikakhala yakhwepa ilibe mphamvu n'komwe, ndipo imalimba pamene ikutambasuka. N'chifukwa chake pa phukusi la ya mamilimita 13 amalemba kuyambira cha m'ma 7 mpaka 16 kilogalamu, ndipo ya mamilimita 32 cha m'ma 16 mpaka 39. Mukaima pafupi pang'ono ndi pamene mphira yamangiriridwa kusiyana ndi dzulo, mwapeputsa katundu osadziwa. Mitundu nayonso isakupusitseni. TheraBand, dzina lotchuka la mphira zoterezi, ili ndi ndondomeko yake, yachikasu yofewa, kenako yofiira, yobiriwira, yabuluu, yakuda, koma makampani ena amapaka mmene afunira, moti yofiira ya uyu ikhoza kukhala yolimba kuposa yakuda ya uja.

Pamwamba pa zimenezo mphira imatopa. Ikakalamba imatalika pang'ono n'kufewa. Munthu amene ankakoka ka 10 mwezi woyamba ndipo tsopano akukoka ka 18 amaganiza kuti mphamvu zonsezo ndi zake, pomwe gawo lina ndi mphira imene yalefuka. Mankhwala ake ndi otchipa: kasikelo ka m'manja koyezera zikwama za paulendo, tepi yoyezera ndi cholembera. Mangirirani mphira pamalo ake a nthawi zonse, kolani kasikelo kumapeto, kokani mpaka pamtunda umene mkono wanu umafika pochita mafizo, lembani nambala. Bwerezani mwezi uliwonse pamtunda womwewo. Pansi matanipo timizere ta tepi motalikirana masentimita 10, kuti muzidziwa pamene chidendene chimaima. Polemba m'kope musamangoti “yakuda, ka 12”; muziti “yakuda, mzere wachitatu, ka 12”. Popanda zimenezi palibe njira yodziwira ngati mukupita patsogolo, ndipo thupi silisintha likamapatsidwa ntchito yofanana mwezi ndi mwezi.

Mafizo ake safuna kuchuluka. Asanu ndi amodzi akukwanira thupi lonse: kunjuta n'kudzuka mphira itapondedwa ndi kukolekedwa m'mapewa, kuwerama m'chiuno msana uli wowongoka n'kuweramuka, kukankha kutsogolo kuchokera pachifuwa, kukokera kumimba zigongono zili pafupi ndi nthiti, kukankha m'mwamba kuchokera m'mapewa, ndi kugwira mphira yochokera kumbali manja ali otambasula kutsogolo, osalola kuti ikupotozeni. Chilichonse chichitidwe maulendo awiri kapena atatu, ka 10 mpaka 15, ndi kupuma masekondi 60 mpaka 90 pakati. Kukoka kutenge sekondi imodzi kapena awiri, kubwezera kutenge atatu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amakoka ndi mphamvu kenako n'kuilekerera mphira kuti iwabweze yokha, n'kutaya theka la ntchito. Yambani mphira ili kale yokungika pang'ono, isakhale lende. Mukafika ka 15 mosavutika masiku awiri otsatizana, sunthani mzere umodzi, kapena phatikizani mphira yoonda pa yokhuthala. Kukoka kuwiri komaliza pa ulendo uliwonse kuzikhala kovuta ndithu koma kosakhotetsa msana.

Zimene thupi limapindula zimabwera mwa dongosolo lake. Masabata awiri oyamba ndi a kuphwanya kwa minofu, kumene kumafika pachimake pakadutsa maola 24 mpaka 72 ndipo kumachepa thupi likazolowera; ululu wobaya m'bondo kapena m'phewa ndi nkhani ina, umenewo ndi wosiyira. M'masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi mphamvu zimakwera msanga, koma makamaka chifukwa ubongo ndi mitsempha zaphunzira kulamula minofu bwino, osati kuti minofu yakula. Kukula kooneka kumayamba cha pa sabata 8 mpaka 12. Pofika miyezi 9 kusintha kodalirika kumakhala pa zinthu wamba: kudzuka pampando wotsika osagwira mawondo, kukwera masitepe ndi katundu, kukweza chinthu pashelefu yam'mwamba, msana kusatopa msanga pokhala nthawi yaitali. Mapewa ndi kumtunda kwa msana ndiko mphira zimachita bwino zedi, ndipo pokankha zimakhala zofewa pamene mkono uli wopindika ndi wofooka n'kulimba pamene watambasuka. Nzosadabwitsa kuti a zachipatala ophunzitsa odwala mafizo amazikonda.

Palinso phindu losaoneka pagalasi. Munthu akapyola zaka 30 osagwiritsa ntchito minofu yake amataya pafupifupi 3 mpaka 8 peresenti ya minofu pa zaka 10 zilizonse, ndipo kutayako kumafulumira akapitirira zaka 60. Minofu ndiyonso imalandira gawo lalikulu la shuga wolowa m'magazi tikadya, choncho minofu yogwira ntchito imathandiza thupi kumvera insulini, timadzi ta m'thupi totsitsa shuga m'magazi. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a chaka cha 2020 amati akuluakulu azilimbitsa minofu ikuluikulu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata, kuwonjezera pa mphindi 150 mpaka 300 za masewera opumitsa mofulumirirapo monga kuyenda ndawala. Mphira zimakwaniritsa gawo loyambalo basi. Mtima ndi mapapo zimafunabe kuyenda, njinga kapena kusambira.

Amene ali ndi BP yokwera asamale mpweya. Kuumira mpweya pokoka kumakweza kuthamanga kwa magazi mwadzidzidzi. Tulutsani mpweya pokoka, kokani mpweya pobwezera. Wodwala mtima, wochitidwa opaleshoni posachedwa kapena woyembekezera ayambe wafunsa kuchipatala. Khungu likamayabwa kapena kutuluka zidzolo pamene mphira yakhudza, likhoza kukhala kuti silimvana ndi latex, ndipo pali zina zopangidwa ndi TPE, mtundu wa pulasitiki wotambasuka ngati mphira, ngakhale izo zimafewa msanga.

Miyendo ndiyo imazipitirira mphira mofulumira. Pofika mwezi wachisanu, munthu wathanzi amakhala akunjuta ndi ya mamilimita 32 osamva kanthu pansi, pamene ntchafu zikufunika katundu, n'kumamva kulemera konse ataimirira kale, m'manja ndi m'mapewa mukupweteka miyendo isanatope. Njira yake n'kusamukira ku mwendo umodzi: phazi lina kumbuyo pampando, mphira pansi pa phazi lakutsogolo, kutsika mwapang'onopang'ono n'kuima masekondi awiri pansi. Zimenezi zimagula miyezi ina ingapo. Wofuna mphamvu zoposa apo afunika zitsulo, palibe kuchitira mwina.

Sikelo ya kulemera kwa thupi ndiyo imakhumudwitsa ambiri. Theka la ola la mphira limatentha makalori (muyezo wa mphamvu yochokera m'chakudya) ochepa, cha pakati pa 100 ndi 200 malinga ndi thupi, pomwe kilogalamu imodzi ya mafuta imasunga pafupifupi 7,700. Chitini chimodzi cha chakumwa chozizira cha mamililita 330 chili ndi shuga wokwana pafupifupi magalamu 35, makalori 140. Ndiye kuti thukuta lonse la tsikulo likhoza kubwerera m'mphindi ziwiri. Mimba imaphwa ndi zimene zasintha pambale, mphira zimangothandiza kuti pochepa thupi muzitaya mafuta osati minofu. Tepi ya m'chiuno, yoyezedwa pamchombo kamodzi pa masabata awiri, imanena zoona kuposa sikelo.

Chakudya chimene chimasowa kawirikawiri mwa amene asiya kupita patsogolo ndi chomanga thupi. Muyezo wamba wa mapuloteni ndi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa tsiku, koma wolimbitsa minofu amapindula ndi 1.2 mpaka 1.6. Kwa munthu wa makilogalamu 70 ndiye kuti magalamu 85 mpaka 110, ogawidwa pa zakudya zitatu osati kuunjikidwa usiku. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6, kapu ya mkaka 8, kapu ya nyemba zophika 15, ndipo magalamu 100 a nyama ya nkhuku yophika ya pachidali pafupifupi 30. Ufa wa mapuloteni wa m'zitini si wofunika ngati manambalawo akukwana. Odwala impso asakweze mapuloteni popanda dokotala. Tulo ta maola 7 kapena kuposa ndi tsiku lopuma pakati pa mafizo a minofu yomweyo zimaoneka msanga m'kope zikasowa: mzere womwe unali wopepuka Lolemba umalemera Lachisanu.

Pogulanso, machubu asanu aja sangakhale oyamba pa mndandanda. Mphira zafulati zosanjikiza za mamilimita 13, 22 ndi 32 zimachita zonse zimene machubu amachita ndipo zilibe ngowe zoti zifooke. Zogwirira zikhoza kukolekedwa pa izo zikamapweteka m'manja. Ya mamilimita 13 mugule ziwiri, chifukwa ndiyo imagwira ntchito kwambiri ndipo ndiyo imatha msanga. Tsiku loiyamba yatsopanoyo muiyeze ndi kasikelo musanachite china chilichonse, ndipo musendere mzere umodzi kufupi ndi pamene yamangiriridwa, chifukwa idzakhala yolimba kuposa imene mwaizolowera.