Wolondolera Ojambula Mbalame ku Mulanje m'Nyengo ya Chisanu

Kwa munthu wofuna kujambula mbalame m'mwezi wa Juni kapena Julayi, ndalama yolipira wolondolera alendo m'munsi mwa phiri la Mulanje siipita pachabe. Bambo amene anandiperekeza cha ku Likhubula amazindikira mbalame pongomva kulira kwake, ndipo anandiimika pafupi ndi mkuyu wobala, podziwa kuti kukazizira apumbwa ndi njiwa amakhala pa nthambi atafufumitsa nthenga kuothera dzuwa, osafulumira kuthawa. Zithunzi zabwino ndinazipeza pomwepo. Chiperoni chitatsika, kuwala kunachepa ndipo galasi la kamera linayamba kuchita nkhungu, koma iwo anali atanyamuliratu jumbo yophimbira.

Chimene sichinandikhutiritse ndi liwiro lawo. Anazolowera alendo othamangira ku Sapitwa, kotero kudikira mbalame imodzi nthawi yaitali kumawavuta, ndipo kangapo anandiimika moyang'anizana ndi dzuwa, pamene wojambula amafuna dzuwa likhale kumbuyo kwake. Za Thyolo alethe, kambalame kosowa kokhala pansi m'nkhalango zowirira, ananeneratu poyera kuti sangalonjeze, ndipo chilungamo chimenecho ndinachiyamikira. Mtengo ndi bwino kugwirizana musananyamuke, mutawauzanso kuti mwabwerera mbalame, osati kukwera phiri.