Kakamera ka m'galimoto: miyezi isanu ndi iwiri ndili nako

Ndinakagula chifukwa chopsa mtima. Pamsewu womwe ndimadutsa m'mawa uliwonse anapachika makamera pamitengo yamagetsi. Amandiona popita, amandiona pobwera, koma ine sindinaonepo ngakhale chithunzi chimodzi cha zomwe amasunga, ndipo amene amakhala kuseri kwake sindimudziwa. Ndiye ndinati nanenso ndikhale ndi diso langa.

Ndi kakang'ono, kamakwana m'dzanja. Umakamata pagalasi lakutsogolo, ndipo ukangoliza injini kayamba kale kujambula. Kamadula vidiyo m'zidutswa za mphindi zitatuzitatu, kakhadi kosungira vidiyo (memory card) kakadzaza kamafufuta zakale. Galimoto ikagwedezeka mwamphamvu, chidutswa chimenecho kamachitsekera kuti chisafufutike. M'munsi mwa chithunzi mumaoneka tsiku, nthawi ndi liwiro.

Kanadzilipira tsiku limodzi. Wapolisi wina anandiimitsa n'kunena kuti ndadutsa pamaloboti getsi litafiira. Sindinakweze mawu. Ndinangoti, "Bwana, tiyeni tionere limodzi." Anaweramira pawindo, tinabweza vidiyo, getsi lili lobiriwira. Anaonera kawiri, kenako anandibwezera laisensi osayankhula kanthu. Ndili m'njira ndinakumbukira za George Floyd, amene anaphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis, ku America, mu 2020: chikalata choyamba cha apolisi chinkamveka ngati munthu wangodwala ali m'manja mwawo, mpaka dziko linaona vidiyo yomwe Darnella Frazier, mtsikana wa zaka 17, anajambula pafoni yake. Yangayi ndi nkhani yaing'ono, koma mtima wake ndi womwewo.

Musaganize kuti kamakondera mwini wake. Tsiku lina ndikuonera kunyumba ndinadzipeza ndikuthamanga kupyola malire, nambala ya liwiro ili poyera. Ndinangotseka laputopu.

Zofooka zilipo. Dzuwa likawomba pagalasi nthawi yaitali kamazima kokha. Usiku manambala a galimoto zobwera kutsogolo amangokhala mbee, osawerengeka.

Koma chomwe chinandichititsa manyazi ndi china. Kamabwera maikolofoni ali oyatsa, ndipo ine sindinadziwe. Ndikufufuza vidiyo ina ndinamva mawu a mchemwali wanga akulira, akundiuza za mavuto a m'banja mwake, ulendo wonse. Iye ankadziwa kuti akuuza mlongo wake yekha. Ndinafufuta pomwepo, koma zinandikhala kukhosi: zomwe ndimadandaula kuti boma likundichita, ine ndinali nditamuchita iyeyo, komanso aliyense woyenda pansi amene ndinamudutsa. N'chifukwa chake ndimamvetsa chigamulo cha khoti lalikulu la ku Germany mu 2018, chakuti vidiyo yotere ingalandiridwe ngati umboni pamlandu wa ngozi, ngakhale kujambula mosalekeza popanda chifukwa kumaphwanya malamulo oteteza zinsinsi za anthu.

Ndingakagulenso? Inde. Maikolofoni ndinazimitsa, vidiyo zomwe zilibe ntchito ndimazisiya zifufutike zokha, ndipo aliyense wokwera ndimamulozera kagetsi kofiira ka pakakamerako asanamange lamba.